Telala wa pa Khonde ndi Nthenda ya Impso

Munthu wofika ku Lilongwe pa basi amatsikira ku tauni yakale, pafupi ndi msika waukulu, ndipo akayenda pang'ono mumsewu wa Malangalanga amayamba kuona masitolo a Amwenye atandandalikana. Dera limeneli ndilo Area 2. Boma lisanasamutse likulu la dziko kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, tauni yonse inali chakuno, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Nyumba zazitali za ku City Centre zinadza pambuyo pake. Pa makonde a masitolo amenewa pamakhala atelala, yense ndi makina ake opalasa ndi mapazi, kudikira anthu amene agula nsalu m'katimo kuti awasokere.

Mmodzi wa atelala amenewa anali munthu wa ku Salima, wamtali ndi wojintcha, amene anadza ku Lilongwe ali mnyamata naphunzira ntchitoyo kwa malume ake. Anamanga banja ku Mchesi, ndipo m'mawa uliwonse analikuyenda pansi kupita ku khonde lake, tepi ili m'khosi, choko chili m'thumba la malaya. Mowa sanali kumwa, fodya sanali kusuta. Anthu anam'konda chifukwa sanali kunama tsiku: akati diresi lidzatha Lachinayi, Lachinayi lomwelo linali litatha, ndipo atelala otere sachuluka. Ndi makina amodzi omwewo analera ana asanu.

M'chaka cha 2014, ali ndi zaka 49, dzino linam'vuta, napita ku chipatala china chaching'ono kuti akalizule. Asanam'gwire dzinolo, namwino anam'manga lamba pa mkono ndi kupopa, monga amachitira poyeza kuthamanga kwa magazi, kumene anthu ambiri amangoti BP. Namwinoyo anayeza kawiri, nati, "Bambo, magazi anu alikuthamanga kwambiri. Pano pakuonetsa 170 pa 100, chonsecho sayenera kufika pa 140 pa 90. Mudzerenso sabata ya mawa." Atabwererako anapeza chimodzimodzi, ndipo anam'patsa timapiritsi tating'ono, namuuza kuti azimwa tsiku ndi tsiku osalekeza.

Anamwa miyezi isanu ndi umodzi. Koma taganizani, inu owerenga: asanayambe kumwa sanali kumva kupweteka pena paliponse, ndipo atamwa sanaone kusintha kulikonse. Kukatenga mankhwalawo kunali kutaya m'mawa wonse pa mzere, pamene anthu ake analikupereka nsalu zawo kwa mnzake wa khonde lapafupi. Mwezi wina atafika pa zenera anamuuza kuti mankhwalawo atha, akagule yekha. Tsono anati kwa mkazi wake, "Mayi, mankhwala ndi a munthu wodwala. Ine ndili bwino." Naleka.

Palibe chifukwa chom'sekera, pakuti ochita chotere ndi ambiri. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo unayeza anthu zikwi zingapo a zaka 25 kufikira 64 m'dziko lonse la Malawi, ndipo unapeza kuti mwa anthu atatu alionse mmodzi anali ndi BP yokwera. Ochuluka a iwo sanali kudziwa nkomwe. Telala uja anali ndi mwayi wouzidwa, koma ndi chinthu chovuta kukhulupirira nthenda imene siipweteka.

Chimene chinalikum'pweteka chinali china. Utelala umathyola msana. Munthu amakhala chowerama kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, maso ali pa singano. Madzulo analikumva msana ndi mutu kuwawa, ndipo mankhwala ake anali pafupi: mapiritsi opha ululu ogulitsidwa m'magolosale ndi pa timatebulo ta kumsika, monga Brufen, Indocid ndi diclofenac. Poyamba analikumwa pa nyengo ya mayunifolomu yokha, sukulu zikamatsegulira, pamene ntchito imachuluka. Pambuyo pake analikumwa awiri m'mawa, awiri madzulo, chaka chonse. Sanadziwe kuti mapiritsi a mtundu umenewu amachepetsa magazi opita ku impso, ndi kuti impso zakezo zinali zitayamba kale kulema.

Aliyense amene anasendapo mbuzi amazidziwa impso: tinyama tiwiri tofiirira, tooneka ngati nyemba, tobisika m'mafuta a kumsana. Za munthu zili chimodzimodzi, koma kukula kwake kuli ngati nkhonya ya mwini wake. Zimakhala kumbuyo, m'munsi mwa nthiti, ina kumanja ina kumanzere, ndipo ntchito yake yaikulu ndiyo kusefa magazi. M'impso imodzi muli timasefa tosaoneka ndi maso tokwana ngati 1,000,000. Magazi amadutsa m'menemo usana ndi usiku, ndipo madzi osefedwa pa tsiku limodzi amakwana ngati malita 180, ndiko kunena zidebe 9 za malita 20. Koma palibe munthu amakodza zidebe 9. Impso zimabweza m'thupi pafupifupi madzi onsewo pamodzi ndi zonse zofunika, ndi kutaya zoipa zokha m'mkodzo wokwana lita imodzi kapena malita awiri. Zimayezanso mchere wa m'thupi, zimathandiza kuti magazi asathamange koposa muyeso, ndiponso ndizo zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange magazi atsopano. Ndicho chifukwa chake munthu wa impso zodwala amayera m'maso ndi m'manja, natopa msanga.

Tsono magazi akamathamanga ndi mphamvu chaka ndi chaka, timitsempha ta m'timasefamo timauma ndi kutsekeka, ndipo kasefa kakafa sikaphukanso. Totsalato timasenza ntchito ya tinzake, monga ng'ombe imodzi imakokera ngolo yonse inzake itagwa, ndipo chifukwa cha kulemedwako nato timafa msanga. Impso zikaonongeka BP imakwera koposa kale, ndipo ikakwera imazionongabe. Zonsezi zimachitika mwakachetechete. Dzino likaola limadzutsa mwini wake usiku womwewo, koma impso zikhoza kuonongeka kupitirira theka munthu ali kudya, kuseka ndi kupalasa makina ake.

Zizindikiro zinayamba m'chaka cha 2021, ndipo zinadza chozemba. Analikudzuka katatu kapena kanayi usiku kukataya madzi. Mkodzo wake unalikuchita thovu ngati muli sopo, thovu losatha msanga. Analikupumira pa chitunda chimene kale analikukwera akucheza. Nsima inayamba kum'kana, ndipo m'kamwa munali ngati wanyambita chitsulo. Pomaliza nsapato zake za kutchalitchi zinakana kulowa. Mkazi wake anasindikiza chala pa kakolo, ndipo atachotsa chalacho panatsala kadzenje ngati pa dothi lonyowa.

Mbiri itafika ku Salima, mlongo wake wamkulu anakwera basi. Anali mayi wolimba mtima, amene analera telalayo amayi awo atamwalira, ndipo mawu ake anali olemera pa banjalo. Atangoona miyendo ndi nkhope yotupa sanafunse zambiri. Anati, "Achimwene, uwu ndi mdulo."

Owerenga ambiri adziwa chimene mawu amenewa atanthauza. Makolo analikuphunzitsa kuti mkazi akathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, kapena atayenda ndi mwamuna wina, amadula mwamuna wake kapena mwana wake, ndipo wodulidwayo amatupa miyendo ndi nkhope, natsokomola. Ena amati tsempho. Potero mlongoyo, ndi mawu amodzi okha, anali ataloza chala mlamu wake, mkazi amene anakhala pa banjapo zaka 30 wopanda mbiri yoipa. Mayiyo sanayankhe. Analowa m'khitchini nalira yekha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaloledwe kukhudza mchere. Mlongoyo ndiye anatenga mthiko, ndipo popeza iye anali wokonda ndiwo zomveka mchere, dzanja lake linali lolemera kuposa la mlamu wake.

Anabweretsanso mizu ya kwa sing'anga, yoviika m'botolo, kuti wodwalayo azimwa kapu m'mawa ndi madzulo. Pa mitengo ya makolo ilipo yothandiza, ndipo palibe wokana zimenezo. Koma chilichonse chimene munthu amwa chimakafika ku impso, ndipo palibe amene adziwa muyeso wa mphamvu imene ili m'botolo lotere. Impso zamoyo zikhoza kupirira, zolema kale sizingathe. Patapita sabata ziwiri telalayo anayamba kusanza, ndipo usiku sanathe kugona chagada chifukwa cha phuma. Analikugona chokhala, atatsamira khoma. Achibale anayamba kunena zoitana ankhoswe.

Amene anadula nkhaniyo anali mwana wake wamkazi woyamba, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayimale. Anagwada pamaso pa mlongo wa atate ake nati, "Azakhali, ngati ndi mdulo, ankhoswe adzaukamba mawa. Lero ababa apite kuchipatala." Anapita, ndipo a chipatala atangoona kutupako ndi phumalo anam'tumiza ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo chapakati, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1977.

Kumeneko anam'patsa msanga mankhwala otulutsa madzi kuti apume bwino. Pambuyo pake dokotala anakhala pansi nayamba mafunso, ndipo m'mafunso akewo munali pafupifupi zonse zimene zimaononga impso m'dziko muno.

"Bambo, kodi muli ndi matenda a shuga?" Anafunsa ichi poyamba chifukwa pa dziko lonse lapansi shuga ndi BP ndizo zimapha impso zambiri koposa nthenda zina zonse. "Kodi munayezetsa HIV?" Kachilomboka kamaononga timasefa, ndiponso amodzi mwa mankhwala ake, tenofovir, amafuna kuti womwa aziyezedwa impso nthawi ndi nthawi, sikuti aleke kumwa, koma ayezedwe. "Kodi mkodzo umatuluka ndi mphamvu, kapena modontha?" Mwa amuna achikulire kachiwalo kotchedwa prostate, ka pansi pa chikhodzodzo, kamakula ndi kutseka njira, ndipo mkodzo ukamabwerera m'mbuyo umafinya impso. "Kodi munakodzapo magazi muli mwana?"

Apa telalayo anaseka, ngakhale anali wofooka. "Adokotala, ife a kunyanja tonse tinakodza magazi. Akuluakulu ankati ndiko kukula." Kunena zoona sikunali kukula, linali likodzo, nthenda ya tizilombo tochokera ku nkhono za m'madzi. Mazira ake amasiya zipsera m'chikhodzodzo ndi m'timachubu tochokera ku impso, ndipo zipserazo zikhoza kutseka njira patapita zaka zambiri. Pomaliza dokotala anafunsa za mankhwala amene analikumwa. Mkazi wake anamasula kansalu, natulutsa mapepala a mapiritsi a kumsika, ndiponso kabuku kakale ka kuchipatala kolembedwa 170 pa 100. Za botolo la mizu ananena ndi mwana uja.

Tsono anayeza. Choyamba chinali kapepala kakang'ono koviika m'mkodzo, kamene kamasintha mtundu pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Sefa ya ufa ikabooka, misere imagwera mu ufa. Sefa ya impso ikabooka, chakudya chomanga thupi chimene a chipatala amachitcha puloteni chimagwera m'mkodzo, ndipo ndicho chimachititsa thovu lija. Kapepalako kamaona puloteni zaka zambiri munthu asanatupe. Ndi kotsika mtengo, sikafuna magetsi, ndipo telalayo akadayezedwa nako chaka ndi chaka kuyambira 2014, nthendayo ikadaoneka ikali yaing'ono.

Chachiwiri anatenga magazi kuti ayeze creatinine, ndilo phulusa limene minofu imataya ikamagwira ntchito. Impso zamoyo zimalichotsa. Likachuluka m'magazi ndiye kuti sefa yafooka. Poona kuchuluka kwake, zaka za munthu, ndiponso ngati ali mwamuna kapena mkazi, amawerengera mphamvu yotsala ya impso, muyeso umene amautcha eGFR. Mwa mnyamata wathanzi umakhala 90 kapena kuposa. Ukakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, ndiye kuti nthendayo ndi yokhalitsa. Nthendayi ili ndi magawo asanu, ndipo muyesowo ukatsika pansi pa 15 ndilo gawo lachisanu, pamene impso zatsala pang'ono kulekeratu. Wa telalayo tsiku limenelo unali 12. Chachitatu anamuunika m'mimba ndi makina oonetsa za m'kati, napeza kuti njira za mkodzo zinali zotseguka, koma impso zonse ziwiri zinali zitafota. Shuga analibe, HIV analibe, likodzo silinasiye chotseka. Chotsala chinali BP ya zaka 7 yopanda mankhwala, pamodzi ndi mapiritsi aja.

Koma dokotala sanafulumire kuweruza. Impso zikhoza kufooka mwadzidzidzi chifukwa cha malungo aakulu, kutsekula m'mimba kapena mankhwala oipa, ndipo kufooka kotere kumatha kubwerera chochititsacho chikachoka. Ndicho chifukwa chake amayezanso patapita miyezi itatu. Telalayo ataleka mizu ndi mapiritsi a kumsika, muyeso wake unakwera kufika 24, nuima pomwepo. Limenelo ndi gawo lachinayi. Zimene botolo linatenga zinabwerako, zimene zaka 7 zinatenga sizinabwere.

Tsiku lom'tulutsa, dokotala anaitana banja lonse. Mlongo uja sanathe kudziletsa. "Adokotala, nanga si mchere umenewu?"

"Mayi, mwanena zoona, mchere ulimo ndithu," anatero dokotala. "Koma mlandu suli pa dzanja lothira, uli pa kuchuluka kwake. Athire mkazi, athire mlongo, athire mwana, mchere umagwira madzi m'thupi, ndipo impso za bambowa sizingathe kuutaya. Nthendayi sinayambe chaka chino. Inayamba kale, ndipo yalembedwa m'kabuku aka."

Mlongoyo anayang'ana pansi. Mkazi wa telalayo sanayang'ane munthu.

"Kodi ndidzachira?" anafunsa telalayo.

"Bambo, inu mudziwa kuti nsalu ikadulidwa sibwereranso pa mpukutu. Zimene zafa zafa. Ntchito yathu ndi yanu ndiyo kusunga zotsalazo."

Kusungako ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo yambiri imachitikira m'khitchini. Mapiritsi anam'patsa a mitundu itatu: enalapril, amene amatsitsa BP ndi kuchepetsa puloteni yotayika, ena otsitsanso BP, ndi furosemide, amene anthu amati Lasix, otulutsa madzi. Anamuuza kuti amenewa ndi a moyo wake wonse, ndi kuti tsiku limene adzamva bwino ndilo tsiku losayenera kuleka. Mapiritsi a kumsika anam'letsa kotheratu. Msana ukawawa amwe Panado, osapitirira muyeso wolembedwa.

Za mchere, akatswiri a World Health Organization amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kunena kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, powerengera zakudya zonse za tsikulo. Mayi uja anaganiza kuti ndi chapafupi, kufikira atazindikira kumene mchere umabisala: m'timabulo tokometsera ndiwo, m'soseji, m'nsomba zothira mchere, m'buledi, m'tchipisi ta pa chiwaya timene mwamuna wake analikudya masana ku Area 2, ndiponso m'soda wophikira therere. Anati abwerere ku chidulo cha makolo, koma namwino anam'letsa. Chidulo ndi madzi a phulusa, ndipo m'phulusa muli mchere wina wotchedwa potassium, umene impso zofooka zimalephera kutaya. Ukachuluka m'magazi ukhoza kuimitsa mtima. Potassium ali wambirinso mu nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata ya kachewere. Zakudya zimenezi ndi zabwino kwa munthu wathanzi, ndipo asazileke munthu chifukwa chowerenga kabuku kano. Koma kwa telalayo magazi anaonetsa kuti azichepetse, ndipo mkazi wake anaphunzira kuwaza masamba ndi mbatata, kuwiritsa m'madzi ambiri, ndi kutaya madziwo asanakazinge. Nyama anamuuza kuti adye pang'ono, osaileka.

Sabata zoyamba ndiwo zinali zozizira, ndipo telalayo analikudandaula kuti alikudya udzu. Mkazi wake anayamba kuthira ndimu, adyo ndi anyezi wambiri. Patapita mwezi lilime linazolowera, ndipo ana, amene analikudya mbale yomweyo, anayamba kunena kuti ndiwo za kwa anzawo ndi zowawa mchere.

Pa ulendo wina namwino anam'tengera ku chipinda cha makina osefa magazi, amene a chipatala amati dialysis, kuti aone ndi maso ake chimene chingadze m'tsogolo. Anthu anali chigonere pa mabedi, yense ndi machubu awiri: imodzi yotulutsa magazi kupita ku makina, ina yowabweza atasefedwa. Munthu amakhala pamenepo ngati maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Telalayo, monga munthu wodziwa makina, anaima nthawi yaitali kuyang'ana kagudumu kopopa magazi kakuzungulira.

Makina otere anayamba ndi dokotala wa ku Netherlands, Willem Kolff, amene anapanga oyamba m'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati. Anakulunga pa mgolo wozungulira chubu chachitali chopyapyala, chimene masiku amenewo analikupangira soseji, nadutsitsamo magazi. Odwala ake oyamba anamwalira, koma m'chaka cha 1945 mayi wina wa zaka 67 anatsitsimuka nakhala ndi moyo. Kuno ku Malawi makinawa anafika ku Kamuzu Central Hospital m'chaka cha 1998, ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre m'chaka cha 2011. M'zipatala za boma wodwala salipira, chinthu chimene m'maiko ambiri a mu Africa kulibe. Koma makina otere ndi okwera mtengo, sangakhale pa chipatala chilichonse, ndipo munthu wa ku Ntchisi kapena ku Mchinji wofuna kusefedwa kawiri pa sabata amayenera kusiya munda wake kapena kutha ndalama zake pa minibasi. Njira ina ndiyo kulandira impso ya munthu wina, pakuti munthu akhoza kukhala bwino ndi impso imodzi. Opaleshoni yoyamba yotere imene inayenda bwino anaichita Joseph Murray ku Boston m'chaka cha 1954, pa anyamata amapasa. Amalawi ambiri amene analandira impso motere anachita kupita kunja, makamaka ku India.

Namwino anam'funsa dzanja limene amagwirira sizasi. Anati lamanja. "Tsono mkono wamanzere muusunge, bambo. Asabayepo jekeseni, asatengepo magazi. Tsiku likadzafika tidzalumikiza mitsempha iwiri pamenepo kuti pakhale polowera makina." Telalayo anayang'ana mkono wakewo, umene amakankhira nawo nsalu pansi pa singano, ndipo sananene kanthu.

Tsikulo silinafike m'zaka zitatu zotsatira. Pofika m'chaka cha 2024 muyeso wake unali 20: unali utatsika, koma pang'onopang'ono. Analikusoka m'mawa wokha, ndipo masana analikudula nsalu, mnyamata wophunzira ntchito ali kupalasa. Kabuku kake ka kuchipatala analikukasunga m'kabati ya makina pamodzi ndi ulusi. Ana ake asanu anayezetsa onse, popeza BP imayenda m'mtundu, ndipo mmodzi wa iwo, wa zaka 27, anapezeka nayo.

Ankhoswe sanaitanidwe konse. Mlongo uja anakhala ku Mchesi sabata ina imodzi, ndipo tsiku loti abwerere mwana wa mchimwene wake anam'dutsitsa pa chipatala, nati, "Azakhali, tangoyezani, sipapweteka." Lamba anaonetsa 165 pa 95. Kapepala ka m'mkodzo kanasintha mtundu pang'ono, koma magazi anaonetsa kuti impso zake zinali ndi mphamvu yambiri. Anakwera basi ya ku Salima ali ndi mapiritsi m'kansalu.

Pepani sananene, pakuti sanali munthu wonena mawu amenewo kwa wamng'ono. Koma patapita miyezi iwiri anatumiza thumba la usipa wouma pa dzuwa, wosathira mchere, ndipo madzulo ake anaimba foni. Telalayo anayankha, koma iye anati am'patse mlamu wake.

"Alamu," anatero, "kodi ndimu uja mumathira ndiwo zili pamoto, kapena mutaphula?"

"Mutaphula, alamu," anayankha mayiyo. "Mukathira zili pamoto zimawawa."